Tifunseni: Tsamba Lobiriwira pa Chitini cha Polishi ndi Zizindikiro Zina za Zoyala Pansi

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza pansi pa nyumba, ndiko kuti choyalapo, chopakapo ndi chokolopera. Tasankhapo asanu ndi imodzi, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Ndili ndi loja ya zipangizo zomangira ku Ulónguè, ndipo katundu wanga wina amachokera ku Beira, wina ku South Africa, wina ndimakatenga ku Dedza kudzera pa chipata cha Calómuè. Masiku ano mabotolo a sopo wokolopera ndi zitini za polishi zikubwera ndi tsamba lobiriwira komanso mawu akuti "ecológico" kapena "amigo do ambiente", ndipo mtengo wake ndi wokwererapo. Makasitomala akandifunsa tanthauzo lake ndimangoti ndi zabwino. Kodi ndikuwanamiza?
Wamalonda, Ulónguè, Angónia

YANKHO: Bambo, simukuwanamiza mwadala, koma n'kutheka kuti mukubwereza mawu a wopanga katunduyo amene palibe wina aliyense adawatsimikizira. Tsamba lobiriwira lilibe mwini. Aliyense amene ali ndi fakitale ndi makina osindikizira akhoza kulijambula pa botolo lake, monga momwe wogulitsa mbatata pamsika angalembere pa katoni kuti mbatata yake ndi yokoma kuposa ya mnzake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa nkhani ya mankhwala okolopera mwambiwu ndi woona kwenikweni, chifukwa chimene chili m'botolo sitingachione ndi maso.

Bungwe la ISO, limene limalemba miyezo yogwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, lidasiyanitsa zonena za chilengedwe zolembedwa pa katundu. Pali zimene wopanga amadzinenera yekha, ndipo muyezo wake ndi ISO 14021. Muyezowu umaletsa mawu osamveka bwino onga akuti katundu ndi bwenzi la chilengedwe, chifukwa palibe njira yoyezera ubwenzi. Pali zinanso zimene zimaperekedwa ndi bungwe loima palokha litayeza katunduyo, ndipo muyezo wake ndi ISO 14024. Izi ndi zimene zili ndi phindu kwa wogula. Chakale kwambiri mwa izo ndi Blauer Engel cha ku Germany, chimene chidayamba mu 1978, ndipo chimaoneka ngati bwalo la buluu lokhala ndi munthu wotambasula manja pakati. Mayiko a kumpoto kwa Ulaya ali ndi Nordic Swan kuyambira 1989. Chimene inu mungakumane nacho kawirikawiri, poti katundu wina wa kuno amachokera ku Portugal, ndi EU Ecolabel cha mu 1992, chimene ndi duwa lokhala ndi nyenyezi kuzungulira chilembo cha E.

Sopo wokolopera asanalandire duwa limenelo, amaunikidwa ngati zosakaniza zake zimawola zikafika m'madzi, ngati sizipha nsomba ndi tizilombo ta m'mitsinje mopyola muyezo, ndiponso ngati akuyeretsadi, pakuti sopo amene sachotsa litsiro amachititsa mayi kuthira kawiri, zimene zimaononga ndalama ndi madzi omwe. Wopanga amakakamizidwanso kulemba momveka kuchuluka kwa sopo woyenera kuthira mu ndowa imodzi.

Tsono mukatsegula katoni mawa, tengani botolo limodzi mulitembenuze. Pansi pa duwa lenileni pamakhala nambala ya chiphaso, yoyamba ndi zilembo ziwiri za dziko limene lidapereka chiphasocho, kenako manambala olekanitsidwa ndi timizere. Nambala imeneyo mukhoza kuifufuza pa intaneti m'kaundula wa bungwelo, ndipo dzina la kampani ndi la katundu ziyenera kufanana ndi zimene zili m'dzanja mwanu. Ngati pali tsamba lokha popanda dzina la bungwe ndi nambala, muuzeni kasitomala kuti amenewo ndi mawu a wopanga, iye asankhe yekha.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ngakhale ophunzira. Mawu akuti ISO 14001, amene makampani amakonda kuwalemba ndi zilembo zikuluzikulu, sanena za sopo amene ali m'botolo ayi. Amanena kuti fakitaleyo ili ndi dongosolo loyang'anira zinyalala, madzi ndi utsi wake. Fakitale yosesedwa bwino ikhoza kupanga mankhwala oopsa. Chimodzimodzinso zizindikiro za SABS ya ku South Africa, MBS ya ku Malawi ndi INNOQ yathu ya kuno ku Mozambique: zimenezi zimatsimikizira kuti katundu wakwanitsa muyezo wina wake wa kapangidwe, zomwe n'zofunika ndithu, koma si umboni woti katunduyo adayezedwa pa nkhani ya chilengedwe.

FUNSO: Tikumaliza nyumba ku Moatize. Amuna anga akufuna timatabwa ta laminado ta m'mabokosi chifukwa timaoneka ngati mlombwa, koma kwa mchemwali wanga kumene adayala timeneti, m'chipinda mumamveka fungo loyabwa m'maso makamaka masana. Tili ndi mwana amene akudwala mphumu. Tiyang'ane chiyani pa bokosi?
Mayi wa ana atatu, Moatize

YANKHO: Mayi, maso anu sadakunamizeni. Timatabwa ta laminado si mtengo wocheka. Ndi utuchi wosalala umene adaupanikiza ndi guluu, pamwamba n'kumatapo pepala lojambulidwa mizere ya mtengo ndi chikutiro cholimba. Guluu wofala pa ntchito imeneyi amapangidwa ndi formaldehyde, ndipo mpweya wake umatuluka pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka. Umayabwa m'maso, m'mphuno ndi kukhosi, umatha kudzutsa mphumu, ndipo mu 2004 bungwe la IARC, limene ndi nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, lidauika m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa mwa anthu.

Pa bokosi yang'anani chilembo ndi nambala E1. Umenewu ndi muyezo wa ku Ulaya wotanthauza kuti thabwalo litaikidwa m'chipinda choyezera, mpweya wa formaldehyde sudapitirire 0.1 ppm, kapena kuti gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a mpweya. Katundu wopangidwira msika wa ku America amalembedwa CARB Phase 2 kapena TSCA Title VI. Palinso FloorScore ndi GREENGUARD Gold, zimene zimayeza mipweya yambiri yotuluka m'zoyala pansi, osati formaldehyde yekha. Bokosi lopanda chilichonse mwa izi, ngakhale likhale lotchipa bwanji, musalilowetse m'chipinda cha mwana wa mphumu.

Koma pali mfundo imene ogulitsa sangakuuzeni, ndipo ndi imene ikutikhudza ife a m'chigwa cha Zambezi. Muyezo wa E1 umayezedwa m'chipinda chotentha madigiri 23. Ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumaposa pamenepo. Kutentha ndi chinyezi zikakwera, guluu amatulutsa mpweya wochuluka kuposa umene adaupeza oyeza aja. N'chifukwa chake kwa mchemwali wanu fungo limakula masana. Chiphaso chimakuuzani kuti thabwa ili n'labwinoko kuposa linzake, koma sichidalembedwe ndi munthu amene adagonako ku Moatize mwezi wa Novembala.

Kapeti wa pulasitiki wogulitsidwa pa mita, amene ambiri timayala pa simenti, ali ndi nkhani yakenso. Amapangidwa ndi PVC, ndipo kuti afewe amathiramo mankhwala otchedwa phthalates. Ku Ulaya, kuyambira mu 2020, mitundu inayi ya mankhwalawa, kuphatikizapo DEHP, siloledwa kupitirira 0.1 peresenti m'katundu wa m'nyumba chifukwa imasokoneza ubereki. Kapeti wopanda dzina la wopanga sitingadziwe zimene zilimo. Akang'ambika musamutenthe pa dzala, pakuti utsi wa PVC ndi woipa kwambiri.

Mukadatifunsa ife chimene tingayale, tikadati matailosi a dothi lootcha, kapena simenti yosalazidwa bwino. Matailosi amaotchedwa pa moto wopitirira madigiri 1,000, kotero akafika m'nyumba alibenso mpweya woti atulutse, amazizira ku phazi, chiswe sichiwadya, ndipo fumbi la malasha limene a ku Moatize mumalidziwa bwino limachoka ndi chikolopa chonyowa. Mlandu wa matailosi pa chilengedwe uli ku fakitale, kumene amadya mafuta ndi magetsi ambiri, ndipo EU Ecolabel ikakhala pa bokosi la matailosi imakhala ikunena za kumeneko. Amuna anu akaumirirabe, pezani matailosi ojambulidwa mizere ya mtengo, mlandu uthere pomwepo.

FUNSO: Ndine mmisiri wa matabwa. Bwana wina amene akumanga malo ogona alendo wandipatsa ntchito yoyala mlombwa pansi, koma akuti matabwa akhale a FSC. Ine matabwa ndimagula kwa ocheka a m'mudzi amene ndimawadziwa kuyambira kale. Kodi chidindo chimenechi ndingakachigule kuti, ndipo ndi ndalama zingati?
Mmisiri, Furancungo, Macanga

YANKHO: Bambo, chidindo chimenechi sichigulidwa pa kauntala, ndipo wina akakuuzani kuti angakupezereni ndi mametikali angapo, thawani. FSC ndi bungwe loona za kasamalidwe ka nkhalango limene lidakhazikitsidwa mu 1993, ndipo likulu lake lili ku Bonn, ku Germany. Chiphaso chake chimayambira m'nkhalango momwe. Oyendera oima paokha amapita kukaona ngati wodula ali ndi ufulu wovomerezeka pa malowo, ngati akudula mitengo yochepa moti nkhalango ingabwerere, ngati ogwira ntchito amalipidwa ndi kutetezedwa, ndiponso ngati anthu a m'midzi yozungulira adavomereza ndipo akupindula. Chiphasocho chimakhala zaka zisanu, koma chaka chilichonse oyendera amabweranso. Kuchoka pamenepo, aliyense amene mtengowo wadutsa m'manja mwake, kuyambira wocheka mpaka wopala ndi wogulitsa, ayeneranso kukhala ndi chiphaso chake chosonyeza kuti sadasakanize matabwawo ndi ena osadziwika kochokera. Unyolo ukaduka pa munthu mmodzi, thabwalo silingatchedwenso la FSC.

Pa katundu weniweni mudzaona kamtengo kokhala ndi chizindikiro chochonga, limodzi ndi mawu akuti FSC 100%, FSC Mix kapena FSC Recycled, komanso nambala yoyamba ndi chilembo C chotsatiridwa ndi manambala asanu ndi imodzi. Nambala imeneyo imafufuzika pa intaneti. Palinso bungwe lina lofanana nalo, PEFC, la mu 1999.

Choonadi chowawa n'chakuti mlombwa wa ocheka anu, ngakhale atadula mtengo umodzi wokha pa chaka n'kubzala khumi, sungakhale wa FSC, chifukwa kulipira oyendera ndi kusunga mapepala onse kumafuna ndalama zimene wocheka wa m'mudzi sangazipeze payekha. FSC ili ndi njira yoti alimi ang'onoang'ono alowe monga gulu ndi kugawana ndalama zolipira, koma imeneyo ndi ntchito ya zaka, si ya nyumba imene ikudikira mwezi wamawa. Ife timaona kuti pamenepa dongosololi limakondera makampani akuluakulu, ndipo sitichita manyazi kunena.

Chimene mungachite ndi kupita kwa bwanayo ndi kumuuza zoona, kenako mumufunse chimene akufuna kwenikweni. Ngati akufuna chidindo chenichenicho chifukwa omupatsa ndalama adalamula, agule yekha matabwa kwa kampani yokhala ndi chiphaso, inu muyale. Ngati akungofuna kutsimikiza kuti mtengo sudabedwe, malamulo a dziko lathu ali kale ndi mapepala ake. Wodula mitengo yogulitsa ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma, ndipo matabwa akamayenda pa msewu ayenera kukhala ndi guia de trânsito. Funsani ocheka anu mapepala amenewa, mujambule ndi foni, musunge pamodzi ndi fatura. Zili ndi phindu kwa a m'mudzi omwe, popeza kuyambira mu 2005 pali dongosolo loti 20 peresenti ya msonkho wodulira mitengo ibwerere ku midzi ya kumene mitengoyo yadulidwa, ndipo mtengo wodulidwa usiku susiya kanthu m'mudzi.

Popeza Macanga ali pafupi ndi malire, tikuchenjezeninso izi. Pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pa ngozi yakutha, umene udachitikira ku Panama mu 2022, mitengo ya mu Africa ya mtundu wa mlombwa (umene Chipwitikizi chimati umbila), msambamfumu (chanfuta) ndi mbawa idaikidwa pa mndandanda wachiwiri. Tanthauzo lake n'lakuti matabwa a mitengo imeneyi sangaoloke malire kupita ku Malawi kapena ku Zambia popanda chilolezo chapadera. Kugulitsa ndi kuyala kuno komwe sikudaletsedwe.

FUNSO: Polishi wa m'sitolo wakwera mtengo, tsono ine ndimasungunula makandulo n'kusakaniza ndi palafini ndi okisaidi wofiira, khonde limawala bwino. Pokolopa ndimasakaniza jiki ndi sopo wina aliyense amene alipo kuti majeremusi afe. Mwana wanga wa ku sekondale akuti ndikuononga chilengedwe. Akunena zoona?
Mayi, Tsangano

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa adadya phula. Mwana wanu wayamba ndi chilengedwe, koma ife tiyamba ndi mapapo anu. Jiki, amene ena kuno amati lixívia kapena javel, asasakanizidwe ndi mankhwala ena alionse. Akakumana ndi sopo wokhala ndi amoniya amatulutsa mpweya wotentha m'chifuwa, ndipo akakumana ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi, kapena viniga, amatulutsa mpweya wa klorini umene ungagwetse munthu m'bafa lotsekedwa. Kolopani kaye ndi sopo, mutsukuluze ndi madzi, kenako ngati pakufunikadi, monga pamene wodwala wasanza kapena watsegula m'mimba, mupitenso ndi jiki wosungunulidwa m'madzi ozizira okha, mazenera ali otsegula. Pabalaza pa masiku onse sopo ndi madzi zikwanira.

Polishi wa makandulo ndi wakale, ndipo sitingamunyoze, pakuti polishi wambiri wa m'zitini nayenso ndi phula losungunulidwa m'mafuta a mtundu wa palafini. Choopsa chake ndi moto. Mphika wa phula ukhale utachoka pa mbaula ndipo uli panja, kutali ndi makala, musanathiremo palafini. Mukapaka, mwana wokwawa asafikepo mpaka fungo litatheratu, ndipo palafini wotsala asasungidwe m'botolo la zakumwa limene mwana angalitenge ngati madzi. Pa zitini za m'sitolo yang'anani tizithunzi ta m'bokosi lofiira loima ndi ngodya: lawi la moto likutanthauza kuti zimayaka, dzanja lodyeka likutanthauza kuti zimaotcha khungu, ndipo nsomba yakufa pafupi ndi mtengo wouma ikutanthauza kuti madzi otsukira asafike kumtsinje.

Tinene pang'ono za agogo athu, amene Loweruka m'mawa ankagwada ndi mbale ya dothi lakuda la kudambo, n'kumazira nyumba ndi chikhato kuyambira kukhoma mpaka pakhomo, mizere ya zala ikuoneka ngati mamba a nsomba. Pansi pamenepo padalibe mpweya woipa uliwonse.

FUNSO: Ndimayang'anira ogwira ntchito yoyeretsa pa malo ena aakulu mumzinda wa Tete. Kampani imene imatigulitsa mankhwala yatibweretsera polishi wamadzi wolembedwa kuti alibe zinki, ndipo ndi wodula. Zinki walakwa chiyani?
Kapitawo, Tete

YANKHO: Bambo, polishi wamadzi wa makina amene amapakidwa m'makonde a maofesi nthawi zambiri amathiridwa zinki kuti chikutiro chake chilimbe. Vuto limabwera tsiku lomuchotsa, pamene mumathira mankhwala amphamvu osungunula polishi wakale, ndipo madzi otuwa aja amatenga zinki yense n'kupita naye mu ngalande. Zinki ndi poizoni kwa nsomba ndi tizilombo timene nsomba zimadya, ndipo ngalande za mumzinda wa Tete mathero ake ndi Zambezi. Bungwe la Green Seal la ku America, la mu 1989, lili ndi muyezo wa GS-40 wa polishi ndi zochotsera polishi, umene umaletsa zinki ndi zitsulo zina zoopsa, pamene GS-37 ndi wa sopo woyeretsera malo akuluakulu. Mawu akuti alibe zinki okha ndi a wopanga, tsono funsani nambala ya chiphaso, komanso muitanitse Ficha de Dados de Segurança, pepala la magawo 16 limene wogulitsa mankhwala woona sakana kupereka. Gawo 3 limatchula zosakaniza zoopsa, gawo 8 limanena zovala zodzitetezera za antchito anu, gawo 12 limanena za madzi ndi nsomba, ndipo gawo 13 limafotokoza katayidwe kake.

FUNSO: Tikukhala m'nyumba ya nthawi ya Apwitikizi. Pansi pali timatailosi ta pulasitiki tolimba timene tayamba kusweka, ndipo kunsi kwake kuli guluu wakuda. Mmisiri akuti apale ndi makina. Tilole?
Mphunzitsi wopuma, Zóbuè

YANKHO: Aphunzitsi, musalole. Timatailosi tambiri ta mtundu umenewo topangidwa zaka za m'ma 1980 zisanathe, makamaka ta masentimita pafupifupi 23 mbali zonse, tinkasakanizidwa ndi asibesitosi, ulusi wochokera m'miyala umene supsa ndi moto, ndipo guluu wakuda uja nayenso nthawi zina amakhala naye. Dziko lathu lidaletsa asibesitosi mu 2010, koma lamulo silidazule amene adayalidwa kale. Ali phee pansi savulaza munthu. Amavulaza akapalidwa kapena kuphwanyidwa, chifukwa fumbi lake limakhazikika m'mapapo ndipo matenda ake amaoneka patapita zaka makumi awiri kapena kuposerapo. Njira yabwino ndi kusiya timatailosito pomwepo, kudzaza mosweka, n'kuthirapo simenti yopyapyala kapena kuyala matailosi atsopano pamwamba. Tizidutswa tomwe tamasuka kale tinyowetsedwe ndi madzi, titoledwe ndi manja ovala magolovesi, tiikidwe m'matumba awiri a pulasitiki omangidwa bwino, ndipo pamalopo papukutidwe ndi nsanza yonyowa imene itayidwe pamodzi nato. Tsache lisagwire pamenepo, ndipo adzukulu akhale panja mpaka pansi patauma.